Lipoti la nkhani: mnyamata wa zaka 7 wokodza pogona, ndi kawerengedwe ka mkodzo umene chikhodzodzo cha mwana chiyenera kusunga

Mnyamata wa zaka 7 ndi miyezi 9, wolemera makilogalamu 21, anabwera ndi mayi ake atatumizidwa kuchokera kuchipatala chaching'ono. Kalata yomutumizira inali yaifupi. Inati mwanayu amakodza pogona pafupifupi usiku uliwonse, pa sikani m'chikhodzodzo mwapezeka 96 ml pomwe pa msinkhu wake mumayenera kukwana 270 ml, choncho chikhodzodzo ndi chaching'ono ndipo ayambe kumwa oxybutynin, mankhwala ochepetsa kufinya kwa chikhodzodzo. Manambala onse awiri anali ndi kochokera, koma sanali oyenera kuikidwa pamodzi, ndipo mankhwala opemphedwawo akanakulitsa vuto lenileni. Lipotili lalembedwera anamwino, ma clinical officer ndi madokotala amene amaona ana otere, ndipo likutsindika pa kuwerengera ndi kuyeza.

Mbiri ya matenda

Chibadwire mwanayu sanakhalepo miyezi 6 yotsatizana osakodza pogona. Masana nawonso ankanyowetsa kabudula pang'ono katatu kapena kanayi pa sabata, makamaka pobwerera kusukulu. Mayi ake anati: "Adokotala, akanena kuti akufuna kukodza ndiye kuti wayamba kale. Nthawi zina mumangomuona wapingasa miyendo, wanjuta, mukamufunsa akuti palibe." Kupingasa miyendo ndi kunjuta kumeneku ndi njira imene ana amatsekerezera mkodzo chikhodzodzo chikafinya mwadzidzidzi, ndipo kumasonyeza kuti vuto silili pa tulo pokha.

Sanadandaule za kupweteka pokodza. Mkodzo umatuluka ndi mphamvu, sachita kudzikakamiza. Analibe ludzu lopitirira, sanaonde, sachita nkonono usiku, ndipo kubanja kulibe mbiri ya matenda a sickle cell. Amalume ake akuti ankakodza pogona mpaka atakula ndithu. Nthawi ya tchuthi amapita kwa agogo ake kufupi ndi nyanja ndipo amasamba m'madzimo.

Atafunsidwa za kudzimbidwa, mayi anayankha kuti kulibe. Yankho limeneli silokwanira, chifukwa mwana wa zaka 7 amapita kuchimbudzi yekha ndipo palibe amene amasuzumira. Funso linapita kwa mwini wake: "Iwe, dzulo unachita chimbudzi? Nanga dzana? Chimatuluka chotani?" Zinapezeka kuti amachita kawiri pa sabata, cholimba, chachikulu, chopweteka, ndipo chimbudzi cha kusukulu safuna n'komwe kulowamo. M'kabudula mumapezeka zizindikiro za chimbudzi, zomwe kunyumba ankaziona ngati ulesi wa kudzipukuta.

Zomwe zinapezeka pomuyeza

Anali wowoneka bwino, kuthamanga kwa magazi kuli pamlingo wake. Pamimba, kumanzere chakumunsi, pankagwirika chimbudzi cholimba. Chikhodzodzo sichinkagwirika atakodza. Kumsana kunalibe kadzenje, katsitsi kapena chotupa, kayendedwe kanali bwino, mphamvu ndi kumva m'miyendo zili bwino, kumaliseche kulibe chachilendo. Msana ndi miyendo sizidumphidwa pa mwana aliyense wonyowa masana, poti vuto la mitsempha ya mumsana limabisala mosavuta.

Dipstick, kapepala koviika mu mkodzo poyeza, sinaonetse shuga, magazi, kapena nitrite ndi maselo oyera omwe amasonyeza matenda a m'njira ya mkodzo. Chifukwa cha kusamba kunyanja, mkodzo wotengedwa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana unayezedwa pa maikulosikopu kufunafuna mazira a likodzo, ndipo sanapezeke. Kuyeza kumeneku kukhudzana mwachindunji ndi nkhani ya kukula kwa chikhodzodzo. Likodzo limatupitsa khoma la chikhodzodzo, limachititsa kukodza pafupipafupi, ndipo likakhalitsa khomalo limauma n'kulephera kutanuka. Mwana wa ku Mangochi, Nkhotakota, Salima, kufupi ndi Chilwa kapena kuchigwa cha Shire amene akukodza mkodzo wochepa pafupipafupi ayezedwe likodzo asanamuwerengere china chilichonse, ndipo likapezeka alandire praziquantel, 40 mg pa kilogalamu iliyonse, kamodzi.

Kodi 270 ml inachokera kuti

Palibe nambala imodzi yomwe ili kukula koyenera kwa chikhodzodzo cha mwana wa zaka 7. Pali njira zingapo zowerengera, zopangidwa ndi anthu osiyana, pa ana osiyana, oyezedwa mosiyana.

Nambala ya m'kalata ija ndi ya njira ya Koff ya mu 1983, yomwe ambiri anaiphunzira kusukulu: zaka za mwana kuphatikiza 2. Yankho lake limatuluka m'ma ounce, muyezo wa ku America womwe ndi pafupifupi 30 ml, ndiye polemba m'mamililita timati (zaka + 2) × 30. Pa zaka 7 ndi 270 ml.

Njira yachiwiri ndi ya Hjälmås wa ku Sweden: 30 × (zaka + 1). Imeneyi ndi yomwe bungwe la International Children's Continence Society linasankha kuti ikhale muyezo wofananitsira mkodzo womwe mwana amakodza yekha. Pa zaka 7 imapereka 240 ml. Bungweli limanena kuti igwiritsidwe ntchito pa ana a zaka 4 mpaka 12, ndipo ikafika 390 ml pa zaka 12 imaima pomwepo. Wina akaipitiriza mpaka zaka 16 adzapeza 510 ml, nambala yomwe ilibe maziko.

Njira yachitatu ndi ya Kaefer ndi anzake a ku Boston, ya mu 1997. Iwowa anaunika ana oposa 2,000 amene chikhodzodzo chawo chinadzazidwa kudzera m'kachubu pojambula, ndipo anaona kuti chikhodzodzo sichikula mofanana chaka ndi chaka: chimakula msanga pa zaka zoyambirira kenako n'kuchedwa. Anapereka njira ziwiri. Mwana wosakwana zaka 2: zaka kuchulukitsa ndi 2, kuphatikiza 2. Wa zaka 2 kupita m'tsogolo: theka la zaka kuphatikiza 6. Zonse ndi m'ma ounce. Pa zaka 7 ndi 9.5, kutanthauza 285 ml.

Mwana mmodzi yemweyo, manambala atatu: 240, 270 ndi 285. Pa zaka 7 kusiyanaku n'kochepa poyerekeza ndi pa zaka 4, pamene njira zitatuzi zimapereka 150, 180 ndi 240 ml. Pa zaka 10 ya Hjälmås ndi ya Kaefer zimakumana pa 330 ml, ndipo pa zaka 12 ya Kaefer imatsalira m'mbuyo pa 360 ml pomwe ya Koff yafika 420 ml. Gwero la kusiyana kwa ana aang'ono ndi kayezedwe. Chikhodzodzo chodzazidwa ndi kachubu, mwana atagona chagada, amamuuza kuti apirire kapena ali ndi mantha, chimalandira madzi ambiri kuposa omwe mwana yemweyo amasunga akusewera panja. Choncho nambala yochokera pa kudzaza ndi kachubu siyenera kukhala muyezo wa mkodzo wokodzera m'botolo kunyumba.

Pa makanda njira zodalira zaka sizithandiza kwenikweni. Pali ya Fairhurst, 7 ml pa kilogalamu iliyonse, yomwe pa khanda la makilogalamu 4 imapereka 28 ml. Pali ya Holmdahl, 38 kuphatikiza miyezi yochulukitsidwa ndi 2.5, yomwe pa miyezi 6 imapereka 53 ml. Pa miyezi 6 yomweyo ya Koff ikanati 75 ml ndipo ya Kaefer 90 ml. Amene akudzaza chikhodzodzo cha khanda pojambula asathamangitse nambala yaikuluyo ndi sirinji. Madzi alowe okha kuchokera m'thumba lopachikidwa, ndipo akasiya kutsika kapena khanda likayamba kukodza m'mbali mwa kachubu ndiye kuti pamenepo mpomwe chadzazira.

Njira zonsezi zinachokera pa ana a ku America ndi ku Ulaya, ndipo zodalira zaka siziona msinkhu kapena kulemera kwa mwana. Mwana wopinimbira wa zaka 8 amene thupi lake likufanana ndi la wa zaka 5 akaoneka kuti watsalira pang'ono pa muyezo, nambalayo iwerengedwe mosamala. Zaka nazonso zitsimikizidwe m'buku lake la kuchipatala, chifukwa kulakwitsa ndi chaka chimodzi kumasuntha muyezo ndi 30 ml pa njira ya Koff ndi ya Hjälmås.

Nanga 96 ml

Nambala imeneyi inachokera pa sikani imodzi. Woyeza anapeza kutalika 6.2 cm, m'lifupi 5.5 cm ndi kuya 5.4 cm, n'kuchulukitsa zonse ndi 0.52. Masamu ake anali olondola. Koma sikani imangonena mkodzo womwe unalimo pa mphindi imeneyo. Mwana akauzidwa kuti "ukamva kukodza unene," ali pamzere, akufuna kuti zithe apite, amanena msanga. Komanso 0.52 imatengera kuti chikhodzodzo n'chozungulira ngati dzira, pomwe chikhodzodzo chosadzaza kapena chopanikizidwa ndi chimbudzi chimakhala chophwatalala. Sikani imodzi siingapereke kukula kwa chikhodzodzo.

Chomwe chimafananitsidwa ndi 30 × (zaka + 1) ndi mkodzo wochuluka kwambiri womwe mwana wakodza pa ulendo umodzi masana, wolembedwa kwa masiku awiri athunthu, osawerengera mkodzo woyamba wa m'mawa. Ukachepera 65 peresenti ya muyezo, ndi wochepa. Ukapitirira 150 peresenti, ndi wochuluka mopitirira. Pa mwanayu malirewo anali 156 ml pansi ndi 360 ml pamwamba.

Kuyeza kunyumba

Apa mpomwe ntchito imatheka kapena kulephereka, ndipo n'zosathandiza kungouza mayi kuti "mukayeze mkodzo" n'kuwasiya. Chiwiya choyezera chinapangidwira m'chipinda choonera odwala. Botolo la pulasitiki la madzi akumwa la 500 ml linadulidwa kukamwa kuti pakhale potakasuka. Ndi sirinji ya 20 ml, madzi anathiridwamo kamodzikamodzi, ndipo pa 20 ml iliyonse panalembedwa mzere ndi cholembera chosafufutika, botolo lili patebulo lathyathyathya. Mizere siitalikirana mofanana chifukwa mabotolowa ali ndi mikwingwirima ndi pansi potukuka, ndiye kuyeza ndi rula kapena kungoyerekeza ndi maso kumasokoneza. Kwa mtsikana, akodzere m'kabeseni koyera kenako n'kutsanulira m'botolo.

Mayi anapatsidwa pepala la mizati inayi: nthawi, zomwe wamwa ndi kuchuluka kwake, mkodzo, ndi ngati kabudula ananyowa. Kapu yomwe mwana amamwera inayezedwa ndi botolo lomwelo. Anauzidwa kuti asankhe Loweruka ndi Lamlungu kapena masiku ena awiri omwe mwana ali pakhomo, ndipo masikuwo sachita kukhala otsatizana. Malangizo awiri anabwerezedwa: asamukumbutse kukodza, ndipo asamuuze kuti apirire. Makolo ena akamva kuti tikuyeza kukula amamulimbikitsa mwana kusunga kuti nambala ikhale yabwino. Ena amamutuma kukakodza ola lililonse kuti pepala lidzaze. Onsewo amabwera ndi pepala losonyeza khalidwe la kholo.

Kuyeza kwa usiku kumafuna masiku 7. Mwana amakodza asanagone ndipo mkodzo umenewo suwerengedwa. Amavala thewera loyezedwa kale kulemera. M'mawa thewera limayezedwanso, ndipo galamu imodzi yowonjezereka ndi mililita imodzi ya mkodzo. Pamenepo amaphatikizapo mkodzo woyamba wa m'mawa, komanso wina uliwonse womwe wadzuka n'kukodza usiku. Sikelo ikhale ya kukhitchini yowerenga magalamu. Sikelo yopachika yoyezera ana imadumpha magalamu 100, ndiye siingagwire kusiyana komwe tikufuna. Banjali silikanakwanitsa matewera ogula a mwana wamkulu, ndiye linagwiritsa ntchito thaulo lopindidwa lomangidwa ndi chitenje, pepala la pulasitiki pansi. Zonse zinkayezedwa zouma madzulo, ndipo m'mawa zinkaikidwa m'jumbo nthawi yomweyo n'kumanga kuti zisaume zisanayezedwe. Njirayi imataya mkodzo pang'ono, ndiye nambala yake imakhala yotsikirapo, ndipo izi zikumbukiridwe ikagwera pafupi ndi malire.

Zotsatira zoyamba

Loweruka, kupatula wa m'mawa, anakodza kasanu ndi kanayi: 40, 65, 35, 110, 50, 60, 45, 55 ndi 40 ml, zonse pamodzi 500 ml. Lamlungu zinali chimodzimodzi ndipo waukulu unali 95 ml. Kuphatikiza wa m'mawa, ankakodza maulendo 10 pa tsiku, pomwe mwana wa msinkhuwu amayembekezeka kukodza maulendo 4 mpaka 7. Mkodzo waukulu wa masana, 110 ml, ndi 46 peresenti ya 240 ml. Unali wochepadi, pa njira ina iliyonse yowerengera.

Usiku umodzi mwa 7 anagona wouma ndipo m'mawa mwake anakodza 190 ml. Nambala imeneyi imakopa. Wina akaitenga ngati mkodzo waukulu adzapeza 79 peresenti n'kunena kuti zonse zili bwino. Mkodzo wa m'mawa umachotsedwa chifukwa chikhodzodzo chimadzaza pang'onopang'ono mwana ali m'tulo ndipo chimasunga wochuluka kuposa masana. Komabe 190 ml ija inali ndi phindu lina: inaonetsa kuti khoma limatha kutanuka. Chikhodzodzo chouma ndi zipsera sichikanafika pamenepo. Vuto linali kufinya msanga.

Mkodzo wa usiku unali pakati pa 190 ndi 265 ml. Umatchedwa wochuluka mopitirira ukadutsa 130 peresenti ya muyezo, yomwe pa mwanayu ndi 312 ml. Njira ina ya Rittig, 20 × (zaka + 9), imapereka 320 ml, pafupifupi chimodzimodzi. Impso zake sizinkapanga mkodzo wopitirira usiku. Mkodzo wa maola 24 unali pafupifupi 740 ml, kapena 35 ml pa kilogalamu, pansi pa malire a 40 ml pa kilogalamu omwe akanatitumiza kukafufuza shuga, sickle cell kapena matenda a impso mozama. Chithunzi chinali chakuti mkodzo wa usiku ndi wabwinobwino koma ukulowa m'chikhodzodzo chomwe masana chimagonja pa 110 ml. Pa chifukwa chimenechi desmopressin, yemwe ntchito yake ndi kuchepetsa mkodzo wa usiku, sanali mankhwala oyambira.

Pepala linaonetsanso kuti mwa pafupifupi lita imodzi yomwe ankamwa pa tsiku, yoposa theka ankamwa kuyambira 4 koloko madzulo, kuphatikizapo tiyi ndi thobwa. Masiku a sukulu sankamwa chilichonse mpaka kuweruka, poopa chimbudzi chija.

Sikani inabwerezedwa ndi mafunso ena. Impso zonse zinali bwino, zosatupa. Thumbo lomalizira, kuseri kwa chikhodzodzo, linali 3.6 cm m'mimba mwake, ndipo likapitirira 3 cm limasonyeza kuti chimbudzi chaunjikana. Mkodzo wotsalira atakodza unayezedwa pasanathe mphindi 5: 4.0 × 3.5 × 3.4 × 0.52, pafupifupi 25 ml, ndipo pobwereza 18 ml. Pa ana a zaka 7 mpaka 12, wotsalira wopitirira 20 ml pa kuyeza kumodzi, kapena wopitirira 10 ml mobwerezabwereza, ndi wochuluka. Pa a zaka 4 mpaka 6 malirewo ndi 30 ml ndi 20 ml. Mphindi 5 zija n'zofunika, chifukwa impso sizileka kugwira ntchito pamene mwana akudikira pabenchi, ndipo kuchedwa kumasandutsa mkodzo watsopano kukhala wotsalira. Asamwetsedwenso madzi ambiri mpaka chikhodzodzo kudzaza mopitirira muyezo, poti chotero sichikhuthula bwino ngakhale pa mwana wopanda vuto.

Chithandizo

Thumbo lomalizira ndi chikhodzodzo n'zoyandikana ndipo mitsempha yake imachokera malo amodzi kumunsi kwa msana. Thumbolo likadzaza limapanikiza chikhodzodzo ndi kuchichititsa kufinya chisanadzaze, ndipo mwana amene wazolowera kumanga minofu ya pansi posunga chimbudzi amalepheranso kuimasula bwino pokodza. Oxybutynin amachepetsa kufinya kwa chikhodzodzo, zoona, koma amaumitsanso chimbudzi, amatha kuwonjezera mkodzo wotsalira, ndipo amachepetsa thukuta, chinthu choopsa m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Pa mwana wodzimbidwa wokhala ndi mkodzo wotsalira, mankhwalawa amadikira.

Anayamba ndi kuchotsa chimbudzi chounjikana, kenako lactulose, mankhwala ofewetsa chimbudzi, 10 ml kawiri pa tsiku, mlingo wake kusinthidwa mpaka chimbudzi chikhale chofewa tsiku lililonse. Komwe polyethylene glycol, mankhwala enanso ofewetsa chimbudzi, amapezeka, ndi amene amasankhidwa poyamba. Mayi anauzidwiratu kuti mankhwalawa ndi a miyezi, chifukwa thumbo lotanuka limatenga nthawi kubwerera, ndipo ambiri amasiya sabata yoyamba chimbudzi chikangofewa. Mwana azikhala kuchimbudzi mphindi 5 akatha kudya m'mawa ndi madzulo. Chimbudzi chokumba, chonjuta, chili bwino pa kakhalidwe ka thupi. Pa chimbudzi chokhalira, mapazi asalendewere, aikidwe pa kampando kapena njerwa.

Kukodza kunaikidwa pa ndondomeko: akadzuka, nthawi yopuma kusukulu, akaweruka, masana, madzulo ndi asanagone, pafupifupi maola awiri kapena atatu alionse, osathamanga. Aphunzitsi analemberedwa kalata yopempha kuti azimulola kutuluka. Madzi anakwezedwa kufika pafupifupi 1.3 lita pa tsiku koma anasunthidwa: ambiri m'mawa ndi masana, botolo kusukulu, ochepa madzulo, ndipo tiyi wa madzulo analekedwa. Makolo ambiri amamana mwana madzi tsiku lonse poganiza kuti zithandiza, koma mkodzo wochepa wa chikasu umanyerenyetsa chikhodzodzo ndipo kudzimbidwa kumakula. Poti chimbudzi chili panja ndipo usiku mwana amaopa, m'chipinda munaikidwa kandowa. Kunyumba kunapita uthenga womveka woti kumukwapula kapena kumuchititsa manyazi pamaso pa anzake kuleke, chifukwa sachita dala.

Patatha milungu 6

Ankachita chimbudzi chofewa pafupifupi tsiku lililonse. Kunyowa kwa masana kunatha. Ankakodza maulendo 6 kapena 7 pa tsiku, mkodzo wotsalira unatsika kufika 6 ml, ndipo usiku wonyowa unali 3 pa 7. Mkodzo waukulu wa masana unali 165 ml.

Nambala ya 165 ndi yomwe imaonetsa bwino kufunika kodziwa muyezo womwe ukugwiritsidwa ntchito. Pa 240 ml ndi 69 peresenti, wadutsa malire. Pa 270 ml ya Koff ndi 61 peresenti, akadali pansi. Pa 285 ml ya Kaefer ndi 58 peresenti. Malire a 65 peresenti anakhazikitsidwa pamodzi ndi 30 × (zaka + 1), ndiye kuwasamutsira pa njira ina kumapangitsa ana ambiri abwinobwino kuoneka ngati ali ndi chikhodzodzo chaching'ono. Koma ngakhale pa njira yoyenerayo, mwanayu anali atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 8, ndipo tsiku lobadwa likangodutsa muyezo umadumpha kufika 270 ml, 165 ml yomweyo n'kukhala 61 peresenti usiku umodzi. Chikhodzodzo sichidziwa tsiku lobadwa. Nambala ikagwera pakati pa 60 ndi 70 peresenti, chigamulo chichokere pa momwe mwana akupezera ndi komwe manambala akulowera. Apa anachoka pa 110 kufika 165 ml, masana ali wouma, ndiye panalibe chifukwa choyambira oxybutynin. M'buku lake munalembedwa nambala yeniyeni, njira yowerengera ndi zaka zomwe zagwiritsidwa ntchito, kuti wodzamuona m'tsogolo asafananitse zosiyana.

Patatha miyezi 3

Atakwanitsa zaka 8, mkodzo waukulu wa masana unali 185 ml, 69 peresenti ya 270 ml. Ankanyowa usiku umodzi kapena awiri pa sabata, ndipo mkodzo wa usiku sunadutse malire atsopano a 351 ml. Lactulose anapitirizidwa, ndi ganizo loyamba kuchepetsa pang'onopang'ono chimbudzi chikakhazikika.

Pa kunyowa kotsalako, njira yoyenera mwana wa mkodzo wa usiku wabwinobwino ndi alamu yolira mkodzo ukangoyamba kutuluka. Imafuna kugwiritsidwa ntchito usiku uliwonse kwa miyezi iwiri kapena itatu, munthu wamkulu kudzuka kumuthandiza, ndipo imasiyidwa akagona wouma masiku 14 otsatizana. Imavuta kupeza, ndipo m'nyumba yomwe ana angapo amagona pamphasa imodzi imadzutsa onse. Banja linasankha kudikira kaye, chomwe chili chisankho chomveka poti chaka chilichonse pafupifupi 15 peresenti ya ana okodza pogona amasiya okha. Desmopressin anasungidwa kuti adzayesedwe alamu ikapanda kupezeka kapena pa maulendo ogona kwina: 0.2 mg ola limodzi asanagone, osamwa madzi kuyambira ola limodzi asanamwe mankhwala mpaka maola 8 atamwa, chifukwa kumwa madzi ambiri pamodzi ndi mankhwalawa kumatsitsa mchere wa sodium m'magazi mpaka mwana kukomoka. Tsiku lomwe akutsegula m'mimba kapena kusanza asamwe.

Pepala la masiku awiri lidzabwerezedwa pakatha miyezi ina 3. Adzatumizidwa kwa akatswiri a njira ya mkodzo ngati mkodzo waukulu wa masana utabwerera pansi pa 65 peresenti chimbudzi chili chofewa, ngati wotsalira utakweranso mobwerezabwereza, ngati atadwala matenda a m'njira ya mkodzo otentha thupi, ngati mkodzo utayamba kutuluka mofooka kapena modontha, kapena sikani itaonetsa impso zotupa. Kumeneko n'komwe kukula kwa chikhodzodzo kumayezedwa pamodzi ndi mphamvu ya m'kati mwake, podzaza pang'onopang'ono 5 mpaka 10 peresenti ya muyezo pa mphindi, yomwe pa iye ndi 14 mpaka 27 ml.